Masiku Atatu Osasesa

Uyu ndi Kalaliki. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi achimwene ake. Anamupatsa chifukwa ankakonda kulemba. Ankalemba m'mawa. Ankalemba masana. Ankalemba ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Kalaliki ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna tebulo lakelake.

Ankalembera pansi. Msana unkawawa. Ankalembera pabondo. Zilembo zinkapendekeka. Ankalembera pamakina osokera a amayi.

"Tasuntha, mwanangu," ankatero amayi. "Kope lakolo ndilisokera kumalaya a eni ake."

Tsiku lina abambo anabwera kuchokera kuntchito. Abambo anali mlonda pa ofesi ina. Anafika akukankha njinga. Panjingapo panali tebulo. Miyendo yake inaloza kumwamba.

"Kuntchito amafuna kulitaya," anatero abambo. "Ine ndakana. Ndati kwathu kuli kalaliki wopanda ofesi."

Kalaliki analumpha. Analumphanso. Kenako anagwada n'kuthokoza.

Tebulolo linali lakale. Penti yake inali itasupuka. Linali ndi dirowa imodzi. Kalaliki analipukuta pamwamba. Analipukuta m'mbali. Analiika pafupi ndi zenera. M'dirowa anaikamo pensulo ndi kope.

Achimwene anaima pakhomo. Anagogoda pakhoma.

"Odi mu ofesi," anatero. "Akalaliki, mwakwezedwa pantchito. Tiziyamba tavula chipewa?"

"Inde," anayankha Kalaliki. "Ndiponso muziima pamzere."

M'nyumba imeneyi munali lamulo limodzi lalikulu. Pansi pazikhala poyera. Amayi ankasesa m'mawa. Ankasesa masana. Ankasesa madzulo. Ulusi ukagwa, tsache. Nyenyeswa ikagwa, tsache.

"M'nyumba muno osaima malo amodzi," ankatero abambo. "Amayi anuwa akusesererani kunja."

M'mawa wina amayi anawerama pansi pa tebulo. Anaona kamulu ka timchenga. Kanali pafupi ndi mwendo wakumbuyo. Amayi anaitana achimwene.

"Iwe, bwalo la mpira walisamutsira m'nyumba?"

"Si ine, amayi. Mapazi ndinatsuka panja."

"Nanga mchengawu uli ndi miyendo?"

Achimwene anayang'anitsitsa. "Mchenga wa kubwalo ndi wofiira," anatero. "Uwu ndi wina."

Amayi sanamvetsere. Anasesa kamulu konse.

Tsiku lotsatira kamulu kanabweranso. Amayi anasesanso. Tsiku linalo kanabweranso. Amayi anasesanso. Nthawi zonse ankayang'ana mapazi a achimwene.

Tsiku lina masana onse anali kudya. Abambo anali ndi nkhani.

"Aneba athu azula chitseko chawo," anatero abambo. "Chiswe chadya mkati monse. Kunja kumaoneka bwinobwino. Atangokankha, dzanja linalowa."

"Ndiye achita nacho chiyani?" anafunsa amayi.

"Achitentha. Thabwa la chiswe mankhwala ake ndi amodzi. Moto basi. Ukalisunga, chiswe chimakwera kudenga."

Kalaliki anamva. Koma sanaganizepo kanthu.

Atatha kudya anapita patebulo lake. Pensulo inagubuduzika. Inagwera pansi. Kalaliki anakwawa kuti aitole. Ali pansipo anayang'ana mwendo wakumbuyo uja.

Pamwendopo panali timabowo. Tinali tating'ono kwambiri. Tinali ngati toboola ndi singano ya amayi. Pabowo limodzi panatuluka kamchenga. Kanagwa pansi. Kenako panatulukanso kena.

Kalaliki anakanikiza mwendowo ndi pensulo. Pensulo inalowa mosavuta. Anaitulutsa. Mkatimo munali tizilombo toyera. Tinkathawa kuwala.

Chinali chiswe.

Kalaliki anakumbukira mawu a abambo. Moto basi.

Anasonkhanitsa timchenga ndi dzanja. Anatiika m'thumba la diresi. Anatenga kansalu kotsala kwa amayi. Anakulunga mwendowo.

"Kodi tebulo lathyoka mwendo?" anafunsa achimwene.

"Likumva kuzizira," anayankha Kalaliki.

Kuyambira tsiku limenelo ankadzuka msanga. Ankatola timchenga amayi asanafike. Koma akapita kusukulu, timchenga tinkagwanso. Kansalu sikankagwira tonse. Amayi ankatipezabe.

Loweruka amayi anatopa nazo.

"Lero kumpira kulibe," anauza achimwene. "Ukhala pompano. Tione ngati mchenga ubwerenso."

Achimwene anakhala pakhonde. Mpira unali pamiyendo pawo. Anzawo anadutsa pamsewu. Anawaitana. Achimwene anangopukusa mutu. Sanaseke. Sananene za ofesi.

Kalaliki anakhala patebulo. Anagwira pensulo. Zilembo zinakana kubwera. Anayang'ana achimwene pazenera. Anayang'ana matabwa a kudenga. Pansi pa matabwa amenewo ndi pomwe onse ankagona.

Anadzuka pang'onopang'ono. Anapita kwa amayi. Amayi ankasoka siketi ya munthu.

"Amayi."

"Ee, mwanangu."

"Mchenga uja si wa achimwene."

Makina anaima.

"Ukutuluka m'tebulo langa. Muli chiswe. Ndinachiona Lachiwiri. Ndinabisa."

Misozi inayamba kugwa. Amayi anamuyang'ana. Kenako anamukoka n'kumukhazika pamiyendo.

"Unkaopa moto?" anafunsa amayi.

Kalaliki anagwedeza mutu movomera.

"Kubisa unalakwa," anatero amayi. "Koma kunena wachita bwino. Inenso ndalakwa. Ndazunza mwana wosalakwa."

Kalaliki anapuma mpweya wautali. Pachifuwa panapepuka. Zinali ngati watula mtolo wa nkhuni.

Awiriwo anatuluka pakhonde. Kalaliki anapepesa kwa achimwene. Amayi nawonso anapepesa. Achimwene anatsegula maso kwambiri.

"Amayi, tabwerezani," anatero. "Khutu linali kumbali."

"Nyamuka, usanandisinthe maganizo," anatero amayi.

Achimwene anathamangira kubwalo. Ali pamsewu anacheuka. "Akalaliki, mlanduwu tidzakambirana ku ofesi."

Abambo atabwera anaona mwendo uja. Anaukanikiza ndi chala. Chala chinalowa.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Tebuloli lipite pamoto. Nyumba ndi yaikulu kuposa tebulo."

Kalaliki anagwira dirowa mwamphamvu.

"Taimani kaye, bambo a ana," anatero amayi. "Mlongo wanga ndi kalipentala. Matabwa amawadziwa. Abwere aone. Moto suthawa."

Abambo anavomera. Koma tebulo analitulutsa panja nthawi yomweyo.

M'mawa mwake amalume anafika. Anali mlongo wa amayi, wamng'ono kwa iwo. Ananyamula chikwama cha zipangizo. Kukhutu kwawo kunali pensulo. M'tsitsi mwawo munali utuchi.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Mwadzuka bwanji, alamu? Wodwala ali kuti?"

Kalaliki analoza tebulo.

Amalume anatulutsa kahamala. Anagogoda pamwamba pa tebulo. Gu, gu, gu.

"Wamva, Kalaliki? Thabwa lamoyo limayankha chonchi."

Anagogoda mwendo woyamba. Gu, gu, gu. Wachiwiri. Gu, gu, gu. Wachitatu. Gu, gu, gu. Kenako anagogoda wakumbuyo uja. Pho, pho, pho.

"Uwu ndi ng'oma," anatero amalume. "Mkati mulibe kanthu."

"Koma pakhoma palibe dothi la chiswe," anatero amayi. "Ndikanaliona."

"Chiswe chili mitundumitundu, achemwali. Cha pachulu chimachokera m'nthaka. Chimamanga tinjira ta dothi. Ichi ndi china. Ichi chimakhala m'thabwa louma. Dothi sichilifuna. Chimadya mkati, kunja n'kusiya bwinobwino. China chikakula chimamera mapiko. Chimauluka ngati ngumbi. Chimakafuna thabwa lina."

"Nanga mchenga uja?" anafunsa achimwene.

Kalaliki anapisa m'thumba la diresi. Anatulutsa timchenga. Achimwene anatilandira padzanja. Anatinunkhiza.

"Si mchenga umenewo," anatero amalume. "Ndi zitosi za chiswe. Chimazikankhira kunja pa timabowo."

Achimwene anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana amalume. Kenako anathamangira kumpopi.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Kalaliki anayang'ana thumba lake.

"Amayi, diresi ili lichapidwe lero," anatero motsitsa.

Amalume analowa m'nyumba. Anayang'ana pansi pa kabati. Panali poyera. Anayang'ana pansi pa bedi. Panali poyera. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kunali koyera. Amalume anagwira m'chiuno.

"Achemwali, umboni wonse mwasesa."

"Ndiye ndizikhala m'zinyalala?"

"Ayi. Koma chiswe ichi sichioneka. Chomwe chimachiulula ndi timiulu timeneti. Inu mumasesa katatu patsiku. Chiswe chinapeza wantchito waulere."

Amayi anayang'ana tsache lawo.

"Tichite chonchi," anatero amalume. "Tiyale mapepala oyera pansi pa thabwa lililonse. Tidikire masiku atatu. Pepala likhale mboni. Masiku atatu amenewa, osasesa."

"Masiku atatu?" anatero amayi. "Iwe, ndinakubereka kumbuyo ine. Lero ukundiletsa kusesa m'nyumba mwanga?"

"Eya, achemwali. Tsache ndipita nalo."

"Alamu, tengani ndi laling'ono lomwe," anatero abambo. "Lili kuseri kwa kabati."

Amayi anawayang'ana abambo. Abambo anayang'ana kudenga.

Amayi anatulutsa makalendala akale. Kumbuyo kwake kunali koyera. Achimwene anadula mapepala. Amalume anauza Kalaliki kuti alembe dzina pa pepala lililonse. Mapepala akanatha kusokonezeka.

Kalaliki analemba mosamala. Kabati. Bedi la amayi ndi abambo. Bedi la achimwene. Bedi langa. Chitseko. Zenera. Shelefu. Makina osokera. Mpando wa abambo.

"Mpando wangawo usavutike nawo," anatero abambo. "Ndi wolimba ngati mwini wake."

"Thabwa lililonse, alamu," anatero amalume.

Kalaliki anayala pepala pansi pa mpandowo.

Kenako anatuluka panja. Inali nthawi ya tebulo. Amalume anazula mwendo wodyeka uja. Anaupereka kwa abambo.

"Uwu wokha utentheni, alamu. Moto wanu ulaweko."

"Nanga chiswe chotsala m'tebulomo?" anafunsa abambo.

"Chimenecho tichiphika ndi dzuwa."

Amalume anatulutsa chipulasitiki chakuda. Chinali chachikulu. Anakulunga tebulo lonse. Anamanga ndi chingwe. Sanasiye mpata. Analiika pamalo opanda mthunzi.

"Chiswe chimaopa kutentha," anatero amalume. "Chakuda chimamwa dzuwa. Mkatimu mukhala ngati mu uvuni. Likhale masiku asanu. Tsiku lililonse muzilitembenuza."

"Zikakanika?" anafunsa abambo.

"Nalonso tidzaliika papepala. Pepala likadetsedwa, moto ndi wanu. Likakhala loyera, tebulo ndi la Kalaliki."

Abambo anaganiza pang'ono. "Chabwino," anatero.

Kalaliki anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

Tsiku loyamba losasesa linafika. Amayi anadzuka. Anapita kuseri kwa chitseko. Tsache panalibe. Anayenda uku ndi uku. Manja ankawayabwa.

Ulusi unagwa pansi. Amayi anawerama kuti autole.

"Amayi, amalume anakana," anatero Kalaliki.

"Ananena zosesa. Kutola sananene."

"Bola musayandikire mapepala."

Masana Kalaliki ndi achimwene anatembenuza tebulo. Chipulasitiki chinali chotentha kwambiri. Anachigwira ndi nsanza.

"Chiswe chikutuluka thukuta," anatero achimwene.

Tsiku lachiwiri kunabwera mayi wina. Anabwera kudzatenga siketi yake. Amayi anamutchingira pakhomo.

"Tiyeni tiyesere pakhonde pano," anatero amayi. "Kunja kuno kuli kamphepo kabwino."

Mayiyo anasuzumira m'nyumba. Anaona ulusi pansi. Anaona mapepala paliponse.

"Kodi mwadwala, anzanga?" anafunsa.

Amayi anachita manyazi. Kalaliki anafotokoza zonse. Anafotokoza za timabowo. Anafotokoza za timchenga. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Timchenga totere tili pansi pa kabati yanga," anatero. "Ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku." Ananyamuka mofulumira. Siketi anatsala pang'ono kuiiwala.

Tsiku lachitatu linadutsa. Amayi anapirira. Anangosoka ndi kusoka, osayang'ana pansi.

M'mawa mwake amalume anabwera. Kalaliki anatenga kope ndi pensulo. Onse anamutsatira.

Anagwada pa kabati. Anayang'ana pepala.

"Kabati, loyera," anawerenga.

"Zikomo," anatero amayi.

"Bedi la amayi ndi abambo, loyera. Bedi la achimwene, loyera. Koma pali sokosi."

"Ndakhala ndikuifuna," anatero achimwene.

"Bedi langa, loyera. Chitseko, loyera. Zenera, loyera. Shelefu, loyera."

Anafika pa makina osokera. Amayi anagwira pamtima. Makinawo anali pa thabwa. Ndiwo ankadyetsa banja limodzi ndi ntchito ya abambo.

"Makina osokera, loyera."

Amayi anakhala pansi. Anapuma mpweya wautali.

Panatsala pepala limodzi. Abambo anali atakhala pampando wawo.

"Pepani, ababa, tadzukani pang'ono," anatero Kalaliki.

Abambo anadzuka. Kalaliki anasuzumira. Papepalapo panali kamulu. Kanali kamulu ka timchenga.

Onse anayang'ana abambo.

Amalume anagogoda mwendo wa mpando. Gu, gu, gu. Anagogoda thabwa la pansi. Pho, pho, pho.

"Alamu, mpandowu munautenga kuti?"

Abambo anakanda m'mutu. "Kuntchito komwe kuja. Chaka chatha. Nawonso amafuna kuutaya."

"Ndiye chaka chonse mwakhalira chiswe."

"Ndipo chaka chonse ine ndakhala ndikusesa," anatero amayi.

Achimwene anapita kukhitchini. Anabwera ndi bokosi la machesi. Anagwada mwaulemu. Analipereka kwa abambo ndi manja awiri.

"Mankhwala aja ndi awa, ababa."

Abambo anayang'ana machesi. Anayang'ana mpando wawo. Anausisita pamsana.

"Alamu," anatero motsitsa, "chipulasitiki chija chinatsalako?"

Onse anaseka. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Mpando nawonso unatuluka panja. Anaukulunga. Unakhala pafupi ndi tebulo.

Koma amalume sanamalize. Anabwereka makwerero kwa aneba. Anakwera kudenga. Achimwene anagwira makwerero. Onse anayang'ana m'mwamba.

Amalume anagogoda thabwa loyamba. Gu, gu, gu. Anasuntha. Gu, gu, gu. Anaunika ndi tochi. Anafufuza timabowo. Anagogoda matabwa onse, limodzi ndi limodzi.

Kenako anatsika. Anasasa fumbi m'manja.

"Denga lili bwino," anatero. "Chiswe sichinafikeko. Chikanafikako, tikanaitana akatswiri a mankhwala. Imeneyo si ntchito ya ana kapena ya dzuwa."

Abambo anaika dzanja pamutu pa Kalaliki.

"Ukanapanda kunena, sitikanadziwa," anatero. "Wapulumutsa nyumba, mwanangu."

"Tsopano mverani, alamu," anatero amalume. "Katundu wakale asamangolowa m'nyumba. Muziyamba mwamugogoda. Muziyang'ana timabowo. Thabwa lisakhale losapaka. Penti kapena vanishi amatseka njira. Ming'alu nayonso muzimata."

"Nanga ine?" anafunsa amayi.

"Inu sesani, achemwali. Koma muziyamba mwayang'ana chomwe mukusesacho."

Masiku asanu anakwana. Amalume anamasula chingwe. Anachotsa chipulasitiki. Tebulo linali lotentha. Linkanunkhira ngati thabwa latsopano.

Amalume analigwedeza. Analigogoda mbali zonse. Timchenga takale tinagwa.

"Iti ndi totsala," anatero. "Tituluke tonse, tisatinamize."

Anasakaniza guluu ndi utuchi. Anapatsa Kalaliki kamtengo.

"Maso ako ndi akuthwa. Bowo lililonse ulimate."

Kalaliki anamata limodzi. Anamata lina. Anayang'ana pansi pa dirowa. Anapezanso awiri. Anawamata.

Amalume anapala mwendo watsopano. Anaukhoma bwinobwino. Anapaka vanishi tebulo lonse, ndi kunsi komwe. Vanishi atauma, analiika pakhonde. Pansi pake anayala pepala lalikulu loyera.

"Masiku ena atatu," anatero amalume. "Ngati chiswe chili moyo, chiboola bowo latsopano. Chitaya zitosi zake. Pepala litiuza."

Tsiku loyamba Kalaliki anasuzumira. Loyera. Tsiku lachiwiri anasuzumira. Loyera.

Tsiku lachitatu amalume anafika m'mawa. Abambo anali atangoweruka. Onse anaima pakhonde. Kalaliki anagwada. Anayang'ana pepala.

Pakona panali kanthu kamodzi. Kanali kakang'ono. Kanali kofiirira.

Kalaliki anakaloza ndi chala.

Amalume anagwada pambali pake. Anatola kanthuko. Anakaika padzanja. Anakakanikiza ndi chala. Kanaphwanyika mosavuta.

"Chitosi cha chiswe n'cholimba," anatero amalume. "Aka n'kofewa." Anakanunkhiza. "Ndani amadyera buledi pakhonde pano?"

Onse anatembenukira kwa achimwene. Achimwene anali ndi dzanja limodzi kumbuyo. Tsaya lawo linali lotupa.

"Ndimalondera tebulo," anatero movutikira. "Mlonda sagwira ntchito ndi njala. Afunseni ababa."

Kalaliki anakhala pansi. Anaseka. Misozi inatuluka, koma ankasekabe.

Amalume anatembenuza tebulo. Anayang'ana miyendo yonse. Panalibe bowo latsopano. Anagogoda paliponse. Gu, gu, gu.

"Alamu, chigamulo ndi chanu," anatero.

Abambo anatola pepala lija. Analiyang'ana kutsogolo. Analiyang'ana kumbuyo.

"Loyera," anatero abambo. "Tebulo libwerere m'nyumba."

Amalume anayang'ana mwendo watsopano. Unali wowala kuposa inzake.

"Ndiupake penti ufanane ndi inzakeyo?" anafunsa.

"Ayi, amalume," anatero Kalaliki. "Ukhale choncho. Ndi wokongola."

Amalume anatsegula chitseko. Abambo anagwira mwendo umodzi. Amayi anagwira wina. Achimwene anameza buledi n'kugwira wachitatu. Kalaliki anagwira watsopano uja.

Tebulolo silinali lolemera. Abambo akanatha kulinyamula okha. Koma palibe amene anasiya mwendo wake.

"Pang'onopang'ono pakhomopo," anatero Kalaliki.

Ndipo onse anayi analowa nalo pang'onopang'ono.